Thiransifoma Imene Tinabisa M'phiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene sitima inalowa m'nyumba mwathu, ndipo inalowa ili m'katoni ya sopo. Sitima yeniyeni ndinali ndisanaionepo. Kuno ku Honde njanji kulibe. Kuli mapiri, nthochi ndi tiyi, ndipo mwana wa m'komboni ya pa esiteti akafuna kuona sitima ayenera kukakwera khombi, minibasi ya kuno, pa Hauna mpaka ku Mutare, kumene ife tinalibe chokachita. Katoniyo anabwera nayo azakhali anga, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba m'tauni. Mabwana awo posamuka anawasiyira zimene zinakanika kulowa m'masutikesi. Ena mabwana amawasiyira firiji, koma azakhali anga anawasiyira sitima ya ana, ndipo mayi nkhani imeneyi sanaleke kuidandaula mpaka lero.

M'katonimo munali mutu wa sitima wakuda, wolemera kuposa mmene unkaonekera, mabogi atatu, tizidutswa ta njanji tolumikiza, ndi kabokosi kachitsulo kotuwa kokhala ndi chopotokola pamwamba ndi chingwe cha pulagi kumbuyo. Bambo, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, anakatembenuza kabokosiko n'kunena kuti ndi thiransifoma. Anatifotokozera kuti imalandira magetsi aukali a pakhoma n'kuwafewetsa, kuti akalowa m'njanji ayendetse sitima koma asaphe munthu. Ine za kufewetsa magetsi sindinazisamale. Ndinkangofuna kuona mateyala akuzungulira.

Amene anasangalala kuposa ife ana anali agogo, bambo awo a bambo anga. Iwo anali atapuma ntchito yothyola tiyi, maso atachita ng'ala, moti ankatizindikira ndi mawu komanso kayendedwe. Anachoka ku Mulanje ali mnyamata, ndipo sanabwerereko. Atapatsidwa mutu wa sitima uja anausisita ndi chala chachikulu kwa nthawi, kenako anayamba kutchula malo amene anadutsa pobwera: Luchenza kumene anakwerera, Nsanje kotentha, mlatho wautali wa pa Zambezi umene anthu m'bogi ankatsinzina pouwoloka, Dondo kumene anasintha sitima, mpaka ku Mutare. Tinali tisanawamvepo akulankhula motalika chonchi. Bambo atamva zimenezi anakatenga chitseko chakale chimene chinali kuseri kwa bafa, anachigoneka pa mabokosi awiri a tiyi pabalaza, ndipo tinagwirizana kuti pachitsekopo timange ulendo wa agogo.

Ntchitoyo inatidyera masabata. Mtsinje wa Zambezi tinaupaka ndi utoto wotsala kusukulu, mlatho tinaumanga ndi timitengo ta machesi, masiteshoni ndi makatoni a mankhwala otsukira mano. Mchimwene wanga wamng'ono Tendai, amene Chinyanja ankangochimva koma poyankha n'kuyankha m'Chishona, ntchito yake inali kuponda zinthu ndi kulira. Tsiku limene bambo anapotokola koyamba, sitima inanjenjemera, inanunkha kafungo ka mafuta akale, kenako inanyamuka. Agogo anapendeketsa mutu kutsatira phokosolo ndi khutu, akumwetulira ndi mano awo awiri aja.

Koma panali vuto, ndipo kuti mulimvetse muyenera kudziwa mmene tinkakhalira. Nyumba imene tinkagonamo sinali yathu, inali ya esiteti. Inali pamzere wa nyumba zogundizana, denga limodzi, moti woyandikana naye akayetsemula iwe unkamva. Lamulo linali lakuti magetsi a m'komboni ndi a mababu ndi wailesi basi. Wopezeka ndi chitofu cha magetsi kapena hita ankalandidwa, ndipo wootcha nyumba ankachoka ndi banja lake lonse. Woyendera nyumba anali kapitawo wina amene dzina lake lenileni ndinaliiwala chifukwa tonse tinkamutcha Mphuno. Ankaima pakhomo n'kununkhiza, ati ankatha kusiyanitsa nyemba zophikidwa pa nkhuni ndi zophikidwa pa magetsi. Ndiye m'komboni monse anthu anazolowera kubisa. Akamva kuti Mphuno wayamba mzere wakumtunda, zitofu zinkalowa pansi pa bedi zikadali zotentha, simbi za magetsi zinkalowa m'madengu a zovala.

Kwa ife mantha amenewa anali ndi mizu yaitali. Anzathu a Chimanyika, eni dera lino, akachotsedwa ntchito ankamanga katundu n'kupita kumudzi kwawo, ku Samanga kapena kuseri kwa phiri. Ife mudzi tinalibe. Bambo anabadwira m'komboni momwemo, ine chimodzimodzi, ndipo ku Mulanje kunalibe ngakhale galu amene akanatigwedezera mchira. Kusukulu tikayambana ndi anzathu ankatikumbutsa zimenezi, kuti ndife anthu opanda kwawo. Nyumba ya zipinda ziwiri ija ndiyo inali kwathu konse.

Tsono thiransifoma ija inkalira. Ikalumikizidwa inkang'ung'udza chapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo ikagwira ntchito kanthawi inkafunda. Mayi ataikhudza tsiku lina anabweza dzanja msanga.

"Handidi zvangu," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti iwo sakuchifuna. "Chinthu cholira, chotentha, chapulagi. Mphuno akachiona anena kuti ndi hita. Chitithamangitsa pano chimenechi."

Apa ndi pamene panayambira mkangano wa malo oika thiransifoma. Bambo ankafuna ikhale pakona ya chitseko, poyera, pafupi ndi dzanja la woyendetsa. Anati chinthu chimene chimafunda chimafuna mpweya, ndipo anapereka chitsanzo cha ku fakitale, kuti masamba a tiyi ukawaunjika osawapitsa mphepo amadzitenthera okha mpaka kufiira. Mayi anawayankha kuti masamba a tiyi sachotsetsa munthu ntchito. Iwo ankafuna ikhale pansi pa chitseko, itafunditsidwa tinsalu toluka tija timene kwathu timati madhoiri. Mayi anga chilichonse chosayenda ankachifunditsa madhoiri: wailesi, mpando, ngakhale Baibulo. Agogo akanakhala chete nthawi yaitali, nawonso akanafunditsidwa.

Nzeru yothetsa mkanganowo inachokera kwa ine, ndipo ndinainyadira koopsa. Pachitsekopo panali pasanamangidwe phiri la Mulanje, poyambira ulendo wonse. Ndinati timange phiri lalikulu, lamphako m'kati, thiransifoma ikhale m'mimba mwake, kumbuyo tisiye kabowo kolowetsa dzanja popotokola. Mphuno adzaona phiri basi. Mayi anawomba m'manja n'kunena kuti sukulu ikundithandiza. Bambo anakanda m'mutu, anayang'ana kabokosiko, anayang'ana mayi, n'kuvomera ndi mawu ofooka. Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti iwo ankadziwa bwino kuti tikulakwitsa, koma nawonso dzina la Mphuno linkawaumitsa pakamwa.

Phirilo linatuluka lokongola, zimenezi ndiye sindingazikane. Mafupa ake anali waya wa khola la nkhuku, thupi lake manyuzipepala omata ndi phala la chinangwa, pamwamba chiguduli chopakidwa utoto, ndipo m'munsi mwake ndinamatamo zinyenyeswa zouma za tiyi kuti ikhale minda. Agogo ankalipapasa tsiku ndi tsiku n'kumandikonza: apa patsetsereke, apa pakhale mwala woima, apa ndi pamene mtambo umagona. Ankanditchula ndi mfunda wanga, Nabanda, ndipo ankati manja anga akumbukira dziko limene maso anga sanalione. Kabowo ka kumbuyo tinakatseka ndi kansalu. Chingwe tinachidutsitsa pansi pa mkeka mpaka kuseri kwa kabati ya mbale, kumene kunali soketi, n'kukankhira kabatiyo kukhoma. Kuzimitsa pa soketi kunkafuna anthu awiri osuntha kabati, choncho tinasiya kuzimitsako. Tikatha kusewera tinkangobweza chopotokola chija.

Mphuno anabweradi tsiku lina. Anaima pakhomo, ananunkhiza, anayang'ana phiri, ndipo mayi anamuuza kuti sitimayo ndi yokankha ndi manja. Tendai anaikankha kuti aone. Atachoka ndinavina pabalaza ponse. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwana wa zaka khumi ndi chimodzi miyambi amaimva ngati nyimbo chabe.

Masiku amenewo magetsi ankazima mmene afunira n'kubwera mmene afunira. Lachisanu lina madzulo, sitima ili pa liwiro pamwamba pa mlatho wa Zambezi, anazima. Tinadandaula pang'ono n'kupita kukadya. Palibe amene anakumbuka kubweza chopotokola, chifukwa sitima itaima kale, ubwezerenji? M'mawa mwake Tendai anapitiriza ulendowo ndi manja, anagwetsa mutu wa sitima chopingasa pa njanji, n'kuusiya pomwepo atamva kuti phala lapsa. Ine ndinauona uli gone, chitsulo chake chitakhudza njanji zonse ziwiri. Bambo anali atatichenjezapo kuti zikatero magetsi amathamanga njira yachidule, ndipo thiransifoma imatentha kwambiri. Ndinaganiza kuti ndidzaudzutsa tikabwerako, popeza magetsi kunalibe.

Loweruka limenelo bambo anali ku fakitale. Mayi, Tendai ndi ine tinasenza chimanga kupita kuchigayo cha ku mashopu a ku Ruda, dera lomwe kuli komboni yathu. Kuchigayo masiku amenewo kunali kodikirira. Anthu ankandandalitsa zidebe ndi matumba pamzere, n'kukhala pamthunzi wa mango kudikira magetsi, ena akuluka tsitsi, ena akudya nzimbe, ena akudya miseche. Agogo tinawasiya kunyumba. Chizolowezi chawo chinali chakuti dzuwa likafika pamutu amalowa kuchipinda kukagona, chitseko chakunja atachibweza chifukwa cha nkhuku za eni.

Dzuwa litapendeka, babu la pakhonde la chigayo linayaka. Mayi wina anakuwa m'Chishona kuti, "Adzoka!" kutanthauza kuti magetsi abwera, ndipo anthu anadzambatuka kuthamangira zidebe zawo. Chigayo chinatsokomola n'kuyamba kulira. Nanenso ndinasangalala, ndinanyamula chidebe chathu kuchisendeza kutsogolo, ndipo tinaima pamzere kwa kanthawi ndithu, fumbi la ufa likutiyeretsa nsidze. Kenako Tendai anandikoka diresi n'kunena m'Chishona kuti tifulumire, akufuna akayendetse sitima. Pomwepo zonse zinandibwerera pamodzi: chopotokola chosabweza, mutu wa sitima wopingasa, manyuzipepala ouma, tiyi wouma, kansalu kotseka bowo, ndi agogo ali m'tulo kuchipinda. Ndinasiya chidebe n'kuliyatsa liwiro.

Sindikumbuka ngati mayi ndinawauza chilichonse chomveka. Ndikumbuka kuti ndinasiya patapata mmodzi pachigayo ndipo sindinamubwerere. Msewu wopita kukomboni umazungulira, choncho ndinadulira m'munda wa tiyi, m'tinjira ta othyola, mmene nthambi zimakwapula ntchafu ndipo dothi lofiira limaterera ngakhale kusanagwe mvula. Ndinagwa, ndinadzuka. Ndinkathamanga maso ali kumwamba, kufunafuna utsi pamwamba pa mitengo ya bulugamu. M'mutu mwanga ndinkaona mzere wonse wa nyumba ukuyaka, denga limodzi lija likupatsirana moto, ndiponso katundu wathu ali pamsewu, mayi atakhala pa mtolo, osadziwa basi yoti akwere. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ngakhale la pa chakudya.

Nditatulukira pa mpopi wa m'komboni ndinaona denga lathu lili bwinobwino. Koma chitseko chinali chotsegula, ndipo kafungo kanandipeza ndisanafike, fungo la pepala lopserera losakanikirana ndi la tiyi wowauka.

Agogo anali atakhala pa sitepe ya pakhonde, ndodo yawo ili pambali, dzanja lamanja ataliviika m'beseni la madzi. Pabwalo panali phiri la Mulanje, litang'ambika pakati, waya wake uli poyera, mbali imodzi yakuda bii, likufuka kautsi kotsiriza pansi pa chiguduli chonyowa. Chapatali pang'ono panali thiransifoma, chingwe chake chili pambali ngati mchira, pulagi itapindika mano.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akunena za nyengo. Anati chinawadzutsa ndi kulira kwa njuchi ija, koma inkalira mokwiya, ndipo phokoso la mateyala panalibe. Atatuluka kuchipinda mphuno inawauza zotsala. Anapapasa phiri napeza likutentha ngati mphika. Anafuna soketi, koma kabati inakana kusuntha. Ndiye anatenga ndodo n'kulimenya phirilo mpaka linatseguka, analowetsa dzanja, anagwira kabokosiko n'kukoka ndi mphamvu zonse mpaka pulagi inazuka kuseri kwa kabati. Mpweya utalowa, mapepala anayamba kuyaka, ndipo analikokera panja phiri lonselo n'kuliphimba ndi chiguduli chimene mayi ankapukutira pansi.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira. Ndinalira chifukwa cha mantha amene ankatuluka, chifukwa cha dzanja lawo limene linatuluka matuza, komanso, ndinene zoona, chifukwa cha phiri langa. Ndinawauza kuti ndinalimangira iwo, kuti akhale ndi kwawo kokhudza ndi manja. Agogo anandifunafuna ndi dzanja lamanzere mpaka anapeza mutu wanga.

"Nabanda, leka kulira. Mulanje weniweni ali chiimire, safuna kuti ife timusunge. Ndinamusiya ndili mnyamata ndipo sanandisowe. Koma nyumba ino ikanapsa, mukanagona kuti?"

Mayi anafika wefuwefu, Tendai ali kumsana, chimanga atachisiya m'manja mwa anthu. Analowa m'nyumba, anayang'ana denga, anayang'ana makoma, anakhudza kabati, anakhudza makatani, kenako anatuluka n'kukhala pansi pafupi nane. Patapita nthawi anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene mtima wake wangobwerera m'malo, misozi ikutsika. Oyandikana nafe anabwera kudzafunsa za fungolo, ndipo aliyense pobwerera ankayang'ana denga lake.

Bambo atabwera madzulo anamva nkhani yonse ali chiimire. Sanakalipire munthu. Anatola thiransifoma, imene inali itazizira, anaipukuta ndi malaya, n'kunena kuti akupita nayo kwa Mphuno. Mayi anawagwira mkono kuwafunsa ngati apenga. Iwo anati fungo lamveka kale mzere wonse, ndipo kuli bwino alandidwe kabokosi kusiyana n'kumagona ndi moto wobisa. Anandiuza kuti ndiwaperekeze, popeza phiri linali langa.

Tinam'peza Mphuno akusenda mbatata pakhonde pake, atavala kabudula, ndipo kunja kwa yunifolomu anali kamunthu kochepa ndithu. Anakatembenuza kabokosiko, anawerenga timalemba ta pansi pake, n'kufunsa ngati tingaphikirepo tiyi. Bambo anati ayi. Anafunsa ngati tingaotherepo. Bambo anati ayi. Ndiye anatibwezera, n'kunena kuti iye amasaka zitofu, osati zidole, ndipo kanthu aka sikadya magetsi kuposa babu. Chimene chinamupweteka mtima, anatero, n'chakuti tinamunamiza kuti sitimayo ndi yokankha, chifukwa iye chibadwire sanaonepo sitima ya ana yoyenda yokha. Pobwerera bambo anayenda mpaka pa mpopi, pamene anaima n'kupukusa mutu, akuseka chamumtima.

Mawa lake titachoka kutchalitchi tinaika thiransifoma pamene bambo ankafuna poyamba paja. Anaikonza pulagi, anaiyesa, napeza kuti ikugwirabe ntchito. Anaikhazika pakona ya chitseko, kumbali ya mpando wa agogo, kutali ndi zenera kumene mvula inkawazira ndiponso kutali ndi mapepala. Pansi pake anakhomera zitsekerero zinayi za mabotolo kuti ikhale m'mwamba pang'ono, mphepo izidutsa. Mawaya opita ku njanji anawafupikitsa n'kuwakhomera m'mbali mwa chitseko kuti asakole mabogi. Kabati tinaisuntha mpaka soketi inaoneka, ndipo linakhala lamulo la m'nyumba kuti magetsi akazima, woyamba kudzuka azimitse pakhoma asanafune n'kandulo yomwe. Mayi anabwera ndi kadhoiri kamodzi m'manja, anaima, anayang'ana bambo, n'kukafunditsa wailesi kachiwiri.

Mphuno anabwera madzulo omwewo, ndipo anapotokola mwamphamvu mpaka sitima inagwera mu Zambezi. Kuyambira pamenepo woyendetsa wamkulu anakhala agogo. Ankakhala pampando wawo, dzanja lija la zipsera lili pa kabokosi, ndipo akamva kuti kafunda kwambiri ankalengeza kuti sitima yaima pa Dondo, okwera atsike akagule nthochi.

Lero ndimagwira ntchito yoika magetsi a dzuwa m'nyumba za anthu, kuyambira ku Hauna mpaka kumtunda kwa chigwa. Pafupifupi nyumba iliyonse, ndikamaliza kukhoma invata, kabokosi ka magetsi kamene nakonso kamafunda, pakhoma poyera, mayi wa pakhomopo amandifunsa ngati sindingaibise kuseri kwa kabati, kapena amabwera ndi kansalu koluka. Sindiwaseka, chifukwa ndimawadziwa mtima umenewo. Ndimangowauza kuti chinthu chimene chimafunda chizikhala pamene maso akuchiona ndiponso pamene dzanja lingachifikire msanga. Chimene ndinachimvetsa nditakula n'chakuti ife sitinabise thiransifoma ija chifukwa cha umbuli. Bambo ankadziwa za mpweya, ine ndinkadziwa za njanji ziwiri. Tinaibisa chifukwa choopa kuchotsedwa m'nyumba, ndipo kubisako ndi kumene kunatsala pang'ono kutichotsa. Munthu amene tinkamuopa anangofunika kufunsidwa.

Phiri lija sitinalimangenso. Pamene linali panatsala chipsera chakuda pachitseko, ndipo nditapempha kuti ndimange lina, lopanda kanthu m'mimba, agogo anakana. Anati pamenepo ndiikepo siteshoni. Ndinadula katoni, ndinatenga cholembera, n'kuwafunsa ngati ndilembe kuti Luchenza kapena Mulanje.

"Lemba kuti Ruda," anatero. "Ndi kumene ndinatsikira."

Ndinawakumbutsa kuti ku Ruda kulibe njanji. Anati akudziwa, ndilembe basi, ndipo ndinalemba.